Mwana akati akufuna udokotala: njira zolowera ntchito za chipatala

Zotsatira za mayeso a Fomu 4 zitangotuluka, achemwali anga a ku Area 25 anandiimbira foni dzuwa litalowa kale. Mwana wawo wamkazi anali atakhoza ndi mapointi 13. "Achimwene, mubwere mudzamve nokha. Mwana wanuyu akuti akufuna udokotala basi, zina zonse sakumva." Nkhani ya mbumba malume saithawa, choncho Loweruka ndinakwera minibasi ya ku Nsungwi. Tinakhala pakhonde, mtsikanayo atafumbata kapepala ka zotsatira kamene kanali katafewa kale ndi thukuta la m'manja. Ndinamufunsa kuti, "Udokotala wake uti?" Anandiyang'ana, kenako anayang'ana amayi ake, ngati ndafunsa zopanda mutu.

Sindinamudabwe. Ife mawu oti "adokotala" timawagawa mowolowa manja. Amene wakulemberani mankhwala m'buku lanu la kuchipatala ndi adokotala, amene wakubayani chala poyeza malungo ndi adokotala, wopereka mapiritsi pawindo naye ndi adokotala, ngakhale mlangizi wa zaumoyo amene amabwera pa sikelo ya ana ndi njinga yake timamupatsa ulemu womwewo. Ndi ulemu wabwino, koma umabisa chinthu chimene mwana wofuna ntchitoyi ndi makolo ake olipira fizi ayenera kuchidziwa asanagulitse mbuzi: anthu onsewa anadutsa m'sukulu zosiyana, zaka zosiyana, ali ndi mapepala osiyana, ndipo lamulo limawalola kuchita zinthu zosiyana.

Mukapita pa chipatala chaching'ono, kaya ku Kawale, ku Area 18 kapena ku Chitedze, amene amakuonani kawirikawiri ndi medical assistant, amene anaphunzira zaka ziwiri n'kulandira satifiketi, kapena clinical officer, amene anaphunzira zaka zitatu za dipuloma n'kuwonjezera chaka chogwira ntchito moyang'aniridwa. Dokotala wa digiri ya MBBS mumam'peza kwenikweni pa zipatala zikuluzikulu zinayi zija, Kamuzu Central kuno ku Lilongwe, Queen Elizabeth ku Blantyre, Mzuzu ndi Zomba, komanso owerengeka pa zipatala za m'maboma ndi za mishoni. Amayi ambiri amene anabereka pa opaleshoni m'maboma, mpeni anaugwira ndi clinical officer, ndipo iwo ndi ana awo ali moyo lero.

Zinafika bwanji pamenepa

Dziko lino linalandira ufulu mu 1964 likutsogoleredwa ndi dokotala, koma lilibe sukulu ya udokotala. Dr Hastings Kamuzu Banda anamaliza maphunziro ake ku Meharry Medical College ku America mu 1937, n'kukawonjezera ku Scotland. Dr Daniel Sharpe Malekebu, uja anadzatsegulanso Providence Industrial Mission ku Chiradzulu, anali atadutsa pa sukulu yomweyo zaka 20 m'mbuyo mwake. Kwa zaka zambiri ufulu utabwera, njira inali yomweyo: mwana wanzeru ankatumizidwa kunja, ndipo ambiri sankabwerera. Ena anakwatira komweko, ena anaona malipiro, ena ankaopa ndale za nthawi imeneyo.

Boma linaona kuti kudikira madokotala ochokera kunja n'kudikira madzi a mphutsi. Likulu litasamukira ku Lilongwe mu 1975, zinthu zitatu zinatsatizana mumzinda muno. Mu 1976 anayamba kuphunzitsa ma clinical officer, anthu oti aphunzire mwachangu ntchito yambiri ya dokotala n'kupita kumaboma. Mu 1977 chipatala cha Kamuzu Central chinatsegulidwa. Mu 1979 Kamuzu College of Nursing inayamba, pafupi ndi chipatala chomwecho. Mpaka lero, mukaima pa geti la ku Central m'mawa muona ophunzira a mayunifolomu osiyanasiyana akulowa wapansi, ena kuchokera ku sukulu ya anamwino, ena kuchokera ku Malawi College of Health Sciences, imene ili ndi nthambi zinanso ku Blantyre ndi ku Zomba.

Sukulu ya madokotala inadzabwera mochedwa, mu 1991, pamene College of Medicine inatsegulidwa ku Blantyre moyandikana ndi chipatala cha Queen Elizabeth. Professor John Chiphangwi, katswiri wa matenda a amayi, ndi m'modzi mwa amene anaimenyera nkhondo. Oyamba anali ophunzira amene anayambira kunja n'kudzamalizira kuno. Pang'ono ndi pang'ono sukuluyi inawonjezera maphunziro a zamankhwala, a mulabotale, a mafizo, ndipo mu 2019 inayamba digiri ya udokotala wa mano mothandizana ndi University of Glasgow. Mu 2021, University of Malawi itagawidwa, College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing zinaphatikizana n'kukhala Kamuzu University of Health Sciences, imene aliyense amangoti KUHeS. Achikulire akamati "ku KCN" kapena "ku COM" akunena malo omwewo.

Chitseko choyamba chimatsekeka mwana ali Fomu 3

Mtsikana wa achemwali ankaganiza kuti mapointi 13 ndiye kiyi. Ndinamupempha kapepala kaja. Chizungu 2, Biology 2, Chichewa 1, Agriculture 2, Masamu 3, Chemistry 3, Physics 4. Mapointi a MSCE amawerengera maphunziro asanu ndi limodzi amene mwana wachita bwino koposa, ndipo 1 ndiye pamwamba, 9 ndiye kulephera. Koma osankha ophunzira a zaumoyo sangoyang'ana chiwerengero chonsecho. Amayang'ana makamaka Biology, Chemistry, Physics ndi Masamu, kuphatikizapo Chizungu. Mwana akhoza kukhala ndi mapointi okongola amene wawatola ku Bible Knowledge, History ndi Chichewa, koma Chemistry ali ndi 7, ndipo ku KUHeS sangalowe. Makhrediti asanu ndi limodzi, kuphatikizapo Chizungu, amangokupatsa ufulu wolemba fomu. Malo enieniwo amalimbirana ndi ana a dziko lonse.

Apa ndi pamene pali kupanda chilungamo kumene sitikukamba mokwanira. Mwana amasankha maphunziro polowa Fomu 3, ali ndi zaka 15 kapena 16, nthawi zambiri popanda womulangiza. Wa pa sukulu yoyendera ya m'dera, ku Malembo kapena ku Chiwamba, mwina sanagwirepo botolo la asidi, ndipo Physics wamuphunzitsa ndi mphunzitsi wa phunziro lina amene anangodzipereka. Mayeso ndi amodzimodzi ndi a mwana wa pa sukulu ya mishoni yogonera konko yokhala ndi labotale. Akagwa Chemistry timati alibe mutu wa sayansi, pamene mwina sanapatsidwe mpata woti mutuwo uoneke.

Kusankhira ophunzira ku mayunivesite a boma kumadutsa ku bungwe la National Council for Higher Education, NCHE. Mwana amalemba fomu imodzi n'kuika maphunziro amene akufuna motsatira mtima wake, loyamba, lachiwiri, mpaka m'munsi. Cholakwika chimene ndachiona kangapo n'choti ana amadzaza mizere yonse ndi maphunziro ovuta kulowa okhaokha, kenako dzina osatuluka paliponse, chaka n'kupita. Makoleji a dipuloma, a boma ndi a mipingo, amalengeza malo awo paokha m'nyuzipepala ndi pa Facebook, ndipo ambiri amaitana ofunsira kuti akayesedwe kapena kufunsidwa mafunso pamaso.

Digiri zake ndi ziti

Udokotala wa MBBS ndi zaka zisanu, koma wochokera ku Fomu 4 amayamba ndi chaka chokonzekera, chimene ophunzira amachitcha premed, chobwereza sayansi ndi masamu mozama. Ndiye kuti zaka zisanu ndi chimodzi ngati sanabwereze kalasi. Udokotala wa mano ndi chimodzimodzi. Zamankhwala, za mulabotale ndi za mafizo n'zofupikirapo ndi chaka chimodzi. Unamwino ndi uzamba wa digiri ndi zaka zinayi, ndipo womaliza amakhala registered nurse. Pansi pake pali nurse midwife technician wa dipuloma ya zaka zitatu, amene ndiye ambiri mwa anesi omwe timawaona m'mawodi ndi m'zipatala za kumidzi.

Si KUHeS yokha. Mzuzu University ili ndi digiri ya unamwino komanso ya zoyeza maso. MUBAS ku Blantyre imaphunzitsa zaumoyo wa malo okhala, aja amayendera misika, madzi ndi malo odyera. LUANAR ku Bunda imatulutsa akatswiri a kadyedwe, ndipo m'dziko limene ana ambiri ndi okwinimbira imeneyi si ntchito yamasewera. MUST ku Thyolo ili ndi uinjiniya wa zipangizo za chipatala, ntchito imene palibe mwana amailota, koma makina a okosijeni kapena a X-ray akafa, dokotala amangoima manja m'thumba. Kuno ku Lilongwe kuli Daeyang kufupi ndi Kanengo, kuli koleji ya anamwino ya ku Nkhoma, ndipo mipingo kudzera ku Christian Health Association of Malawi ili ndi makoleji ku Ekwendeni, ku Malosa, ku Nguludi, ku Mulanje, ku Phalombe ndi kwina. Anamwino ochuluka a dziko lino anatuluka m'manja mwa mipingo.

Ndinaona nkhope ya mtsikanayo itagwa nditatchula unamwino. "Koma amalume, nesi amangotumidwa ndi dokotala." Ndinamuuza kuti apite akagone usiku umodzi ngati gadiyani pa wodi iliyonse aone amene amakhala maso. Dokotala amadutsa m'mawa, amalemba, amapita kwina kumene akumufuna. Amene amazindikira 2 koloko ya usiku kuti mwana wayamba kupuma mobanika, kuti mayi amene wangobereka akutaya magazi mopitirira, ndi namwino. Pa chipatala chaching'ono cha kumudzi mzamba amaima yekha, ambulansi ili kutali, ndipo zimene angaganize m'mphindi khumi ndizo zimapulumutsa kapena kutaya.

Sukulu yake imakhala yotani

Zaka zoyamba za udokotala ndi za buku ndi labotale: kapangidwe ka thupi, kagwiridwe kake ka ntchito, mmene matenda amaliwonongera, mmene mankhwala amayendera m'magazi. Kapangidwe ka thupi amaphunzira pa matupi enieni a anthu omwalira. Kwa mwana amene anakulira kumene maliro amaopedwa, kumene ana saloledwa kuyandikira manda, tsiku loyamba m'chipinda chimenecho si lapafupi, ndipo ambiri sauza agogo awo zimene amachita kumeneko. Kenako amalowa m'mawodi mosinthanasinthana: matenda a akulu, a ana, opaleshoni, azimayi, matenda a muubongo, ndi zaumoyo wa m'madera. Mbali ina ya maphunzirowa imachitikira ku Central konkuno, ina ku Mangochi. Ophunzira unamwino ndi a dipuloma salindira nthawi yaitali chotero. Chaka choyamba chisanathe amakhala atayamba kale kuyala mabedi, kusambitsa odwala ndi kuyeza kuthamanga kwa magazi.

Chaka chatha ndinadikirira mbale wanga pa wodi ina kwa masiku asanu. Panali mtsikana wophunzira unamwino, wamng'ono thupi, wotchi yolendewera pachifuwa, kabuku m'thumba. M'kabukumo amalembamo chilichonse chimene wachita, ndipo namwino womuyang'anira amasainira: wabaya jakisoni kangati, waika diripi kangati, watsuka mabala angati. Ophunzira uzamba ali ndi chiwerengero cha amayi oti awabereketse asanaloledwe kulemba mayeso omaliza, n'chifukwa chake ku chipatala cha Bwaila, kumene amayi amabereka usana ndi usiku, kumadzaza ophunzira. Tsiku lina mtsikanayo ankafuna kuika diripi pa mkono wa agogo ena owonda. Anamanga mkono ndi gulovu, anamenyamenya pang'ono kuti mtsempha utuluke, anabaya, anaphonya. Anabayanso, anaphonya. Manja anayamba kunjenjemera. Agogowo anati, "Mwanawe, usachite mantha, khungu langali ndi lachikale, yesa dzanja linali." Namwino wamkulu anabwera, sanamulande singano, anangomugwira chala n'kuchiika pamtsempha kuti aumve. Kachitatu magazi anaoneka. Ndinazindikira tsiku limenelo kuti odwala a m'zipatala za boma ndiwo amalipira mbali ina ya fizi ya ana athuwa, ndi matupi awo.

Pali phunziro lina limene silili pa ndandanda wa maphunziro, ndipo ndi lovuta: chilankhulo. Mabuku onse ndi a Chizungu, mayeso ndi a Chizungu, madokotala akamazungulira wodi amakambirana m'Chizungu. Koma wodwala amabwera ndi Chichewa chake. Amati thupi likuphwanya, m'mimba mukupotokola, mtima ukuthamanga, akumva chinthu chikuyenda kuchokera m'chiuno kukafika m'mutu. Mayi amati mwana wagwa liwombo, ndipo wophunzira ayenera kumva kuti mwina madzi atha m'thupi chifukwa cha kutsekula m'mimba. Agogo amati mwanayu ndi tsempho, apongozi amati ndi mauka, ndipo ngati wophunzira aseka, banjalo silibweranso, lipita kwa sing'anga. Bambo wachikulire sanganene poyera kwa mtsikana wa msinkhu wa mdzukulu wake kuti vuto lili kumaliseche. Amati "kumusi kuno sikuli bwino," kapena amayamba ndi mutu ndi msana, nkhani yeniyeni n'kudzaitchula ataimirira kale kuti azipita. Mwana amene anakulira ku Area 10 akulankhula Chizungu pa tebulo amavutika apa kuposa mnzake wa ku Mitundu amene Chemistry inamusautsa. Ndipo akatumizidwa ku Mangochi kapena ku Karonga, Chichewacho nachonso sichikwanira.

Za ndalama ndinawauza achemwali mosabisa. Fizi ndi mbali imodzi chabe. Pali yunifolomu, nsapato zotseka, chipangizo chomvera pachifuwa, foni kapena kompyuta ndi mabandulo ake. Malo ogona pa sukulu sakwanira onse, ena amachita lendi ku Mchesi kapena ku Kawale n'kumakwera kabaza m'bandakucha. Akatumizidwa kukaphunzira ntchito ku chipatala cha boma lina, pamafunika thiransipoti, chakudya, nthawi zina nyumba. Bungwe la Higher Education Students' Loans and Grants Board limabwereketsa ndalama kwa ophunzira osowa, koma si onse ofunsira amene amalandira, ndipo dzina lake likunena lokha kuti ndi ngongole, idzabwezedwa. Wophunzira zachipatala alibenso nthawi yochita kabizinesi kapambali ngati anzake a maphunziro ena, chifukwa tchuthi chake n'chachifupi ndipo usiku wina amakhala pa wodi.

Digiri si chilolezo

Apa ndi pamene mabanja ambiri amapwetekera. Pepala la ku sukulu silipatsa munthu ufulu wogwira wodwala. Chilolezo chimachokera ku mabungwe oyang'anira ntchitozi. Madokotala, a mano, ma clinical officer, ma medical assistant, a mulabotale ndi a mafizo amalembetsa ku Medical Council of Malawi. Anamwino ndi azamba amalembetsa ku Nurses and Midwives Council of Malawi, ndipo asanalembetsedwe amalemba mayeso a bungweli, osiyana ndi a ku sukulu. Munthu akhoza kuvala gauni, kujambulitsa ndi abale, kuphika mpunga, kenako n'kulephera mayeso a khonsolo. A zamankhwala ali pansi pa Pharmacy and Medicines Regulatory Authority. Ziphasozi zimakonzedwanso chaka ndi chaka.

Tanthauzo lake n'loti sukulu iyenera kuvomerezedwa kawiri: ndi NCHE ngati sukulu, komanso ndi khonsolo ya ntchitoyo pa phunziro lenilenilo. Koleji ikhoza kukhala yovomerezeka kuphunzitsa za bizinesi, koma unamwino wake ayi. Mnansi wathu wina analipirira mwana wake zaka ziwiri pa koleji ina imene inali ndi chikwangwani chachikulu ndi zithunzi za ana ovala zoyera. Ankawauza kuti mapepala a chilolezo "ali m'njira." Mwanayo lero amagulitsa m'golosale, ndipo satifiketi yake ili mu sutikesi. Kufunsa ku khonsolo musanalipire ndi tsiku limodzi lokha, maofesi ake ali mu Lilongwe momwe muno. Musafunse mwini sukulu ngati sukulu yake ili yovomerezeka.

Dokotala akamaliza MBBS amagwira miyezi 18 moyang'aniridwa pa chipatala chachikulu asanapatsidwe chilolezo chonse. Iwo ndi aja mumawaona maso ali psuu, atagona pa mpando, foni ikulira. Ukatswiri, kaya wa ana, wa opaleshoni kapena wa amayi, ndi zaka zina zinayi kapena kuposerapo pamwamba pake. Ndinamuwerengera mtsikanayo pa zala: ali ndi zaka 18, akalowa chaka chamawa adzamaliza ali ndi 25, chilolezo chonse ali pafupi 27, ukatswiri atadutsa 30. Amayi ake anapumira m'mwamba.

Anthu akusowa, koma ntchito kulibe

Chodabwitsa chachikulu ndi ichi. Bungwe la zaumoyo padziko lonse limati pa anthu 1,000 alionse pakhale madokotala, anamwino ndi azamba oposa anayi, ndipo ife tili kutali kwambiri ndi pamenepo. Aliyense amene anakhalapo pa mzere kuyambira 6 koloko m'mawa n'kuonedwa masana akudziwa zimenezi popanda kuwerenga lipoti. Koma nthawi yomweyo kuli anamwino ndi ma clinical officer okhala ndi ziphaso zonse amene ali pakhomo, akugulitsa kaunjika pa WhatsApp.

Kuti mumvetse, bwererani ku 2004. Edzi inali itatenga ogwira ntchito ambiri, anamwino ankapita ku UK mwaunyinji, mawodi anatsala mbee. Boma ndi othandiza, makamaka dziko la Britain ndi thumba la Global Fund, anayambitsa ndondomeko yapadera imene inawonjezera 52 peresenti pa malipiro a magulu 11 a ogwira ntchito zaumoyo, n'kukulitsa masukulu kuti azitenga ophunzira ochuluka. Zinathandiza. Masukulu anakula, ena atsopano anatsegulidwa, omaliza anachuluka. Chimene sichinakule mofanana ndi thumba lolipirira anthuwo. Wolemba ntchito wamkulu ndi boma, ndipo ngakhale ogwira ntchito m'zipatala za mishoni malipiro awo amachokera ku boma. Malo akhoza kukhala opanda munthu pa pepala, wodi ikhoza kukhala ndi namwino m'modzi pa odwala makumimakumi, koma ngati ku Capital Hill sanavomereze ndalama za malipiro, palibe amene alembedwe.

N'chifukwa chake kulemba anthu kumabwera mwa apo ndi apo, nthawi zambiri pakagwa mliri. Covid itavuta, mpaka bwalo la masewera la Bingu linasanduka chipatala kumayambiriro kwa 2021, anthu analembedwa. Kolera ya 2022 ndi 2023, imene inapha anthu oposa 1,700 ndipo Lilongwe inali pakati pa maboma okhudzidwa koposa, inachititsanso kuti ena aitanidwe, ambiri pa kontirakiti ya miyezi yowerengeka. Ena amakhalira lokamu, kugwirira mnzawo shifiti n'kulandira kangachepe mochedwa. Ena amalowa m'mapulojekiti a mabungwe, kumene malipiro ndi abwinoko, koma kumayambiriro kwa 2025 dziko la America litaimitsa thandizo lake lambiri, anthu anaona kuti ntchito zotere zimatha ndi kalata imodzi. Mabungwe a anamwino ndi a madokotala akhala akudandaula za zimenezi kwa zaka, ndipo nkhani yotumiza anamwino kukagwira ntchito kunja imabuka kawirikawiri. Ine ndimaona kuti n'zochititsa manyazi kuphunzitsa munthu ndi misonkho ya mlimi wa ku Kasiya kenako n'kumutumiza kukasamalira okalamba a dziko lina, koma sindingamuloze chala mtsikana amene wakhala zaka ziwiri pakhomo akapita.

Sikuti ntchitoyi ilibe tsogolo. Poyerekeza ndi maphunziro ena ambiri, wa zachipatala amapezabe pogwira, makamaka wololera kupita kumudzi kumene anzake amakana chifukwa kulibe magetsi ndi netiweki. Koma mawu aja oti "nesi sasowa ntchito" ndi a m'zaka za m'mbuyo, ndipo kholo lisawerengere malipiro a mwana mwezi umene wavala gauni.

Chinthu chimodzi chimene ndinafuna kuti mtsikanayo achimve n'choti makwerero alipo. Nurse midwife technician akagwira ntchito zaka zingapo akhoza kubwerera ku sukulu n'kutenga digiri. Clinical officer akhoza kuwonjezera digiri ya ukatswiri pa opaleshoni, pa ana, pa amayi kapena pa zogonetsa odwala ku thiyeta. Medical assistant amakwera kukhala clinical officer. Njira yake ndi yaitali, imafuna chilolezo cha kuntchito ndi ndalama, ndipo ambiri amaiyenda ali ndi ana kale, koma anthu akuiyenda. Chimene chilibe chidule ndi MBBS: ngakhale clinical officer wa zaka 15 pa ntchito, akafuna kukhala dokotala, amakakhala m'kalasi ndi ana a msinkhu wa ana ake.

Fomu ya NCHE tinadzaidzaza itatuluka, pa foni yanga, bandulo itatha kawiri. Pa mzere woyamba anaika MBBS, ndipo sindinamuletse. Pa wachiwiri anaika zamankhwala. Pa wachitatu anakhala nthawi yaitali chala chili m'mwamba, kenako analemba unamwino ndi uzamba. Tinagwirizananso kuti makoleji a dipuloma akalengeza malo alembenso kumeneko, ndipo ine ndikafunse kaye ku khonsolo za koleji iliyonse. Achemwali, amene nthawi yonseyi ankasenda mbatata ali chete, anafunsa kuti, "Nanga achimwene, akatengedwa kwachitatuko, kumudzi tikawauze kuti akuphunzira chiyani?" Mtsikanayo anayankha yekha, maso ali pa foni, kuti agogo ake adzamutchabe adokotala.